Ndemanga yanga pa chithunzi cha njinga za makala chimene ndinagula ku situdiyo ya ku Kalingalinga

Yatha miyezi isanu ndi inayi chithunzichi chili pakhoma la pabalaza panga ku Chelstone, kuno ku Lusaka. Chadutsa m'fumbi la Okutobala, chadutsa m'chinyontho cha dzinja, ndiye tsopano ndikhoza kuchinenera zoona. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. Imodziyo ndaibweza chifukwa cha matabwa a kumbuyo kwake, ndipo ndifika pamenepo.

Ine ndine telala, ndili ndi kashopu ku Kamwala. Great East Road ndimaidutsa m'mawa ndi madzulo pa minibasi, koma mu Showgrounds ndinkalowamo kamodzi kokha pachaka, nthawi ya Show kumayambiriro kwa Ogasiti, kukaona ng'ombe ndi mathirakitala. Zoti mkati momwemo muli nyumba ya zojambula yotchedwa Henry Tayali, imene imayendetsedwa ndi bungwe la Visual Arts Council, sindinkazidziwa. Anandikokera kumeneko ndi mwana wa mkulu wanga, mtsikana amene akuphunzira zojambula ku Evelyn Hone College. Loweruka lina mu Meyi anafika kushopu n'kunena kuti, "Amayi aang'ono, inu tsiku lonse mumakhala mukufananitsa mitundu ya zitenje. Tsekani msanga lero, mukaone anzanu amene amachita zomwezo ndi penti."

Ndinapita mokayika. M'mutu mwanga malo otere anali a azungu ndi a anthu a magalimoto akuluakulu. Koma pakhomo palibe anatifunsa kalikonse, ndipo tsiku limenelo sitinalipire ndi ngwee yomwe. Makoma anali odzaza ndi zithunzi, pansi pali ziboliboli za mwala, za mtengo ndi za zitsulo zowotcherera. Zina sindinazimvetse, zina sizinandikomere, makamaka za njovu ndi dzuwa likulowa zimene ndaziona kambirimbiri pa msika wa Lamlungu ku Arcades ndi ku Kabwata Cultural Village. Sindikuzinyoza, anthu akudyetsa nazo ana. Koma chimene chinandiimitsa ine ndi zithunzi za Lusaka yathu yeniyeniyi: amayi a tomato kumsika wa Soweto, anyamata oitanira mabasi, mzere wa zigubu pampopi. Sindinaganizepo kuti munthu angataye masabata akupenta chigubu chachikasu. Mwanayo anandifotokozera kuti kadontho kofiira komatidwa pambali pa chithunzi kamatanthauza kuti chagulidwa kale. Anandiuzanso za Tayali mwiniwakeyo, kuti anabadwira ku Serenje mu 1943 n'kumwalira ku Germany mu 1987, komanso kuti chiboliboli cha womaliza maphunziro chimene chili ku yunivesite ya UNZA, chomwe ana athu amajambulitsapo tsiku lovala mikanjo, ndi ntchito ya manja ake.

Sabata yotsatira ndinapita ndekha ku Lechwe Trust Art Gallery, ku Lagos Road mu Rhodes Park. Malo amenewa ndikuwayamikira ndi mtima wonse. Bungweli linayamba mu 1986, ndipo amene analiyambitsa ndi Cynthia Zukas, Bente Lorenz ndi Tayali yemweyo, pofuna kuti ntchito zabwino za amisiri a mu Zambia zisamangothera m'masutikesi a alendo. Nyumba yoonetseramo inatsegulidwa mu 2018. Ndi a Lechwe omwewa amene anagula chithunzi chotchuka cha Tayali chotchedwa Destiny, chimene chinakhala zaka zambiri kunja kwa dziko, n'kuchibweza kwathu. Muli bata, muli ukhondo, ndipo munthu umayang'ana mosathamangitsidwa. Ndinatuluka ndili ndi maganizo amodzi: ngati alipo anthu amene anavutikira kuti zinthu izi zikhale kuno, bwanji ife eni dziko makoma athu angokhala ndi kalendala ya kubanki ndi zithunzi za mathithi a kunja zogula m'mashopu a zapulasitiki?

Si konse kumene ndinalandiridwa bwino. Kuli nyumba ina yoonetsera, dzina ndisunga, kumene ndinaima nthawi yaitali pamaso pa chithunzi chimodzi ndikudikira woti ndimufunse mtengo. Mtsikana wa pamenepo anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi, kenaka anathamangira alendo awiri amene analowa pambuyo panga. Mitengo sinalembedwe pakhoma, mafotokozedwe onse anali m'Chingerezi chovuta cha kuyunivesite. Zinandipweteka. Ndalama yanga ya makina osokera ndi kwacha yomweyo imene wina aliyense amalipira. Ndikanakhala kuti ndinayambira kumeneko, bwenzi nkhani yonseyi palibe.

Tsopano za situdiyo, zimene ndi mutu wa ndemanga ino. Mu Juni mwana uja anamva pa WhatsApp kuti ojambula angapo atsegula zitseko za malo awo ogwirira ntchito Loweruka lonse, aliyense wofuna alowe. Tinasankha wa ku Kalingalinga poti ndi pafupi. Kupeza nyumbayo kunali ntchito. Malo amene anatitumizira pafoni anatifikitsa kwa owotcherera mageti a mu Alick Nkhata Road, ndipo tinachita kufunsa amayi ogulitsa chinangwa chowotcha kuti "kwa bambo wopenta uja ndi kuti?" Iwo anatuma kamwana kutiperekeza. Ojambula athu, chonde, kachikwangwani kakang'ono pageti tsiku lotere sikangakusaukitseni.

Situdiyo yake ndi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba, cha malata opanda siling'i, chozizira kwambiri mwezi umenewo. Magetsi anali atazima, choncho anatulutsa zithunzi zina n'kuzitsamiritsa kumpanda kuti tizione padzuwa. Mwini wake ndi bambo wa zaka za m'ma 40, wolankhula motsitsa. Anatilandira kuti, "Fikani amayi, khalani apa, pepani mpando uli ndi penti koma ndi wouma." Mkazi wake anatipatsa tiyi ndi mbatata. Munali anthu enanso asanu kapena asanu ndi mmodzi, ena ophunzira, wina mphunzitsi wa kusekondale.

Kusiyana kwake ndi nyumba zoonetsera ndi uku: kuno umaona ntchito isanavale. Anationetsa mabuku ake a zojambula za pensulo ndi makala, mmene munthu mmodzi amamujambula kasanu kapena kakhumi asanamuike pa kanvasi. Anationetsa mmene amakokera nsaluyo pa matabwa, mmene amayambira kuipaka zoyera kuti penti asalowerere. Amagwiritsa ntchito penti wa acrylic chifukwa amauma msanga, pomwe wa mafuta amatenga masiku ambiri ndipo ndi wodula. Penti wabwino ndi maburashi zimachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa nayenso amalira monga ndimalirira ine ndi ulusi ndi mazipi. Ndinamufunsa mafunso ambiri, ena a umbuli weniweni, ndipo sanandiseke ngakhale kamodzi. Nanenso ndinamuuza kuti buluu amene anaika pa chitenje cha mayi wina m'chithunzi sapezeka pa chitenje chilichonse chimene ndinasokapo. Anaseka, n'kuvomera kuti anamuika dala kuti diso liyambire pamenepo.

Chithunzi changa chinali kumbuyo kwa zinzake, chopenyetsa kukhoma. Atachitembenuza ndinangoti chete. Amuna atatu akukankha njinga zosenza matumba a makala, m'mbandakucha, akulowa m'tauni. Matumba aunjikidwa kupitirira mitu yawo, omangidwa ndi malegeni, kumwamba kukuyamba kufiira, ndipo wam'mbuyo wawerama kotero kuti nkhope sioneka, kumangooneka msana ndi akakolo otuwa ndi fumbi. Ine ndinakulira ku Chipata, tauni ya njinga. Malemu atate anga anali ndi njinga ya Eagle, zija zinkapangidwa konkuja ku Chipata, ndipo ndi imene inatiphunzitsa sukulu tonse asanu. Sankanyamula makala, ankanyamula mtedza ndi chimanga kupita nazo kumsika, koma msana umenewo ndimaudziwa. Ndinauona m'mawa uliwonse ndili mwana ukutuluka pakhomo.

Mtengo wa chithunzicho wojambulayo anati K3,000. Kwa ine si ndalama yochepa, ndi madiresi angapo a ukwati. Anandiuza mosabisa kuti chikanakhala ku nyumba yoonetsera chikanakwera, chifukwa eni nyumba amatengapo gawo lawo, ndipo n'zomveka poti nawonso amalipira lendi ndi antchito. Sindinanenerere kwambiri. Nditaona mabuku aja ndi masabata amene anathera pamenepo, ndinachita manyazi kuchita ngati ndikugula kaunjika. Chimene ndinapempha ndi kulipira pang'onopang'ono, ndipo anavomera: katatu, kumapeto kwa mwezi uliwonse, kudzera pafoni. Anandilembera risiti ya pamanja, yokhala ndi dzina la chithunzi, kukula kwake ndi siginecha yake. Koma zodabwitsa, anandilola kuchitenga nditangolipira gawo loyamba. "Amayi, mwabwera ndi mwana wathu wa ku Evelyn Hone, mungathawire kuti?" Pa kukhulupirira kotere ndikupereka nyenyezi zonse.

Nanga chakhala bwanji pakhoma? Mitundu sinasuluke ngakhale pang'ono. Wojambulayo ananditsina khutu kuti ndisachipachike poomba dzuwa kapena pafupi ndi mbaula, ndiponso ndisachipukute ndi nsalu yonyowa, ndingochiphumitsa fumbi ndi kansalu kouma kofewa. Ndatsatira zimenezo. Madzulo, nyali ikayaka, kufiira kwa kumwamba kuja kumazama, ndipo ndapezamo zinthu zimene sindinazione tsiku logula, monga kagalu kali chapatali m'mphepete mwa msewu ndi botolo la madzi lomangirira pa handulo.

Vuto linabwera mu Disembala mvula itakhazikika. Ngodya imodzi ya m'munsi inayamba kunyamuka kuchoka kukhoma, nsalu n'kukhwefuka pakati ngati diresi losokedwa mopanda muyeso. Telala amaweruza chovala poona kumbuyo, ndiye ndinachitsitsa n'kuchitembenuza. Matabwa anali a paini wosauma bwino, opanda chopingasa pakati, ndipo pa ngodya anangolumikiza ndi timisomali. Tsiku logula ndinatengeka ndi kutsogolo, kumbuyo sindinayang'ane, ndipo ndi langizo langa kwa aliyense: tembenuzani, gwirani ngodya zonse zinayi, funsani ngati matabwa ndi ouma.

Nditamuimbira wojambulayo sanakane mlandu. Anati matabwawo anawagula mothamanga kwa kalipentala wina ndipo si ine ndekha amene ndadandaula. Anabwera yekha kudzachitenga, anachikoka pa matabwa atsopano okhala ndi chopingasa, osandilipiritsa. Koma anati sabata imodzi, ndipo zinatenga masabata asanu. Khirisimasi inadutsa pakhoma pali msomali wokha, chonsecho ndinkafuna abale ochokera kumudzi adzachione. Mauthenga anga ena ankayankhidwa patapita masiku atatu. Ndikumvetsa kuti ndi munthu mmodzi, wopenta ndi yemweyo, wogulitsa ndi yemweyo, wonyamula ndi yemweyo, koma kungonena kuti "amayi, ndichedwa" kukanandikhazika mtima pansi. Nyenyezi ija yapita pamenepa. Chibwerereni mu Januwale sichinapindikenso, ngakhale mvula yagwa yambiri.

Felemu ndinakaikitsa kwina, yakuda yopyapyala, yopanda galasi monga anandilangizira. Muziwerengeratu ndalama imeneyo padera, chifukwa zithunzi za ku situdiyo zambiri zimabwera zopanda felemu.

Kodi ndingabwererenso? Ndabwerera kale kawiri, ulendo wina ndi amayi anzanga atatu a m'chilimba chathu. Mmodzi anagula kachithunzi kakang'ono kojambulidwa ndi makala pa pepala, ka mtengo wotsika kwambiri, moti musaganize kuti zonse ndi za masauzande. Kwa amene sanayambepo, ndinganene kuti yambirani ku Showgrounds kapena ku Lechwe, kapenanso ku Lusaka National Museum mu Independence Avenue, kuti diso lizolowere ndi kudziwa chimene mtima wanu ukonda. Mukatero funsani dzina la wojambula amene wakugwirani mtima, mumufunefune komwe amagwirira ntchito. Pitani ndi nthawi yokwanira, ndipo musajambule ntchito za munthu ndi foni musanapemphe.

Mwezi watha amayi anga anabwera kuchokera ku Chipata kudzaonana ndi adokotala a maso. Maso awo afooka, ndiye ndinawaimika pafupi penipeni ndi chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuyendetsa chala m'mwamba osachikhudza, kuchoka pa njinga yoyamba mpaka yachitatu. Kenaka anati, "Uyu wam'mbuyoyu wamanga bwino katundu, sangagwe. Atate ako ankamanga chonchi, mtanda pamwamba." Masiku onse amene anakhala kwathu, mpando wawo anausunthira mbali imeneyo, ndipo tiyi wa m'mawa ankamwera pomwepo.