Anapepesa m'dzina langa pa nsikidzi zomwe kwanga kulibe

Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za mtsikana amene amatsogolera gululi. Ndikunena achinyamata aja a kaofesi ka m'tauni muno mu Chipata, amene amayang'anira zomwe anthu amalemba za bizinesi yako pa Google Maps, Facebook ndi TripAdvisor. Ine ndili ndi nyumba ya alendo ya zipinda zochepa mumsewu wopita ku Mwami, ndipo K850 yawo ija ya pamwezi ndimatumiza pafoni kudzera pa MoMo osachedwetsa. Zithunzi anajambula zabwino, pa mapu anandiika pamalo oyenera, poti kale alendo ankasochera kuseri kwa msewu wina. Pa izo ndilibe mawu. Nkhani yanga ndi ya mu February.

Aliyense wosunga alendo kuno akudziwa kuti ngongole za chaka timabweza ndi ndalama za Nc'wala. Loweruka lomaliza la February anthu amakhamukira ku Mtenguleni kukaona Inkosi ya Makosi Mpezeni ikulawa zakumunda zoyamba kucha, koma kogona ambiri amafuna mu Chipata. Amachokera ku Lusaka, ku Copperbelt, ku Malawi, ndipo malo amayamba kusungitsa Januwale asanathe. Ndiye nthawi imeneyo, zipinda zitatsala pang'ono kudzaza, munthu wina amene dzina lake mulibe m'buku langa la alendo anandipatsa nyenyezi imodzi pa Google ndi pa Facebook, n'kuikapo chithunzi cha matiresi odzaza nsikidzi. Khoma la pachithunzipo ndi lobiriwira. Kwanga kulibe chipinda chobiriwira ngakhale chimodzi. Amene anandijambulira zithunzi za zipinda zonse ndi achinyamata a ofesi omwewo, zili mu kompyuta yawo.

Mnyamata amene anali pantchito tsikulo sanayang'ane zithunzizo, sanandiimbire foni, sananditumizire ngakhale uthenga. Anatenga mawu awo okonzeratu n'kuyankha m'dzina la nyumba yanga, m'Chingerezi, kuti tikupepesa kwambiri pa zomwe munakumana nazo ndipo tikonza msanga. Tikonza chiyani? Wowerenga aliyense anamva kuti mwini nyumba wavomera kuti nsikidzi zilipodi. Bodza la munthu wosadziwika anthu akanalikayikira, koma kupepesa kwa mwini wake ndani angakutsutse? Wina anajambula zonse ziwiri pamodzi, chithunzi pamwamba kupepesa pansi, n'kuponya m'magulu a WhatsApp a amalonda odutsa pa Mwami kupita ku Mchinji ndi ku Lilongwe. Amenewo ndiwo amandidyetsa chaka chonse, makamaka chitsegulire chipata chatsopano cha pamalire mu 2022. Ine ndinazimva kwa alamu anga a ku Katete, akundifunsa monong'ona pafoni ngati ndikufuna andipezere munthu wopopera mankhwala. Banja la ku Kitwe linabweza zipinda zake. Gulu la amayi a mpingo linapempha ndalama zawo zomwe anaperekeratu. Wantchito wanga amene amachapa zofunda ndi manja, n'kuyanika mapilo padzuwa mlendo aliyense akachoka, analira pamaso panga, chifukwa anaona ngati akunenedwa ndi iye.

Nditamupeza mnyamatayo pafoni anati, "Amayi, ndi mmene timachitira, kupepesa kumaziziritsa mtima wa kasitomala." Kasitomala uti? Munthu amene sanapondepo pakhomo panga? Anandiyankha ngati akuphunzitsa mwana, ndipo mawu oti pepani, omwe anawamwaza mosavuta kwa munthu wabodza, kwa ine sanatuluke. Mpaka lero.

Ndinawauza zinthu ziwiri: fufutani ndemangayo, ndipo mulembe zabwino zambiri zoikwirira, poti ndi ntchito imene ndimakulipirirani. Madzulo ake mtsogoleri wawo anabwera yekha pa njinga zonyamula anthu, mvula ikuwaza. Anakana mpando, anakhala pa mkeka pakhonde, nati, "Amayi, mlandu ndi wathu, mwana wanu ndabwera kudzamva." Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenako zonse ziwiri zomwe ndinapempha anazikana, ndipo apa mtima unandiwawanso. Anafotokoza kuti pa Google mwini bizinesi sangafufute ndemanga ya munthu, angathe kuyankha kapena kuidandaula kuti a Google aiunike okha. Pa Facebook ungathe kutseka ndemanga zonse pamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe, koma osati kuchotsa imodzi. Za kulemba ndemanga zopeka anati sachita kwa wina aliyense, pa mtengo uliwonse, chifukwa malamulo a Google amaletsa ndipo zikadziwika wovutika ndi mwini tsamba, komanso chifukwa tsiku lina amene angapusitsidwe ndi ndemanga zotero ndi mayi wa kumudzi wofuna pogona pafupi ndi chipatala. Ndinatchula za kupolisi, poti lamulo la milandu ya pa intaneti lilipo kuyambira 2021 ndipo analikonzanso mu 2025. Anati ufulu umenewo ndi wanga ndipo umboni wonse andisungira, koma Nc'wala sidikira mlandu.

Zomwe anachita usiku umenewo ndizo zandiletsa kupereka nyenyezi imodzi. Anachotsa kupepesa kuja. Yankho latsopano tinalemba awiri, liwu ndi liwu, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi: dzinali mulibe m'buku lathu, chipindachi si chathu, wofuna kuona abwere tim'tsegulire chitseko chilichonse. Popanda kutukwana, ngakhale ine ndinali nawo mawu. Chithunzi chija anachiika pa Google Lens, yofufuzira kumene chithunzi chinachokera, ndipo ndinaona ndi maso anga chikutuluka pa tsamba la kampani yopopera tizilombo ya kunja kwa dziko lino, chakalekale. Umboni umenewo anautumiza ku Google, n'kundipatsanso kuti ndiponye m'magulu a WhatsApp omwe aja. Kenako tinatsegula buku la alendo. Ine ndinafuna titumizire aliyense uthenga, iye anati ayi, nambala za anthu lamulo la 2021 losunga zinsinsi za anthu limaziteteza, tisankhe okhawo amene ndimalankhulana nawo kale, ndipo tisalonjeze kuchotsera mtengo posinthana ndi nyenyezi. Madalaivala a mathiraki analemba. Anamwino amene anagona kwanga pa maphunziro awo analemba. Wina anadandaulako za madzi otentha kuchedwa m'mawa magetsi akazima, ndipo mtsikanayo anandiuza ndiisiye ndemangayo, poti iyenso ndi mlendo weniweni. Timati mlendo ndi mame, koma zolemba zake pa intaneti sizikamuka, choncho bola zikhale zoona.

A Google anaichotsa ndemanga yabodzayo Nc'wala itadutsa kale. Ya pa Facebook ikadalipo, ili pansi pa zenizeni. Zipinda za banja la ku Kitwe zinagona zopanda munthu usiku umene mu Chipata monse anthu ankasowa pogona. Ndalama ya mwezi umenewo anandibwezera ndisanapemphe, koma K850 sifanana ndi zomwe ndinataya.

Pali china chimene amanena poyera ukamalembetsa: ndalama zomwe timalipira ife a malo ogona ndi odyera ndizo zimathandiza kuti aphunzitse ena kwaulere. Ndinapita Loweruka lina kukasaina mapepala ndipo ndinapeza m'chipinda modzaza. Amayi ogulitsa pamsika wa Kapata, matelala, akalipentala, ndi gulu la alimi a nsawawa ndi mpendadzuwa lochokera ku Chadiza, aliyense foni m'manja. Ankawaonetsa kuika malonda awo pa mapu, kuyankha wodandaula popanda kulalata, ndi kuzindikira mauthenga a akuba aja oti tumizani ndalama pa nambala iyi. Mayi wina wachikulire anadziwira pomwepo kuti PIN ya Airtel Money sauza munthu, ngakhale wodzitcha wa kuofesi. Ntchito imeneyo ndi yeniyeni, ndipo sindidandaula kuti kwacha yanga ilimo.

Koma a ofesiyi ndi ochepa. Loweruka onse amakhala m'kalasi, foni ya ofesi imangolira, pomwe Lachisanu ndi Loweruka ndiwo masiku amene ife timalandira alendo ndi madandaulo. Mtsikana mmodzi sangakhale mphunzitsi, mtsogoleri ndi wozimitsa moto wa anzake. Asanalembetse mabizinesi ena aphunzitse kaye anyamata awo kuti yankho limodzi silikwana pa nkhani iliyonse.

Ndapitiriza nawo chifukwa Kulamba ya ku Mkaika, mwambo wa Achewa, ikubwera mu August ndipo alendo osowa malo ku Katete amagona kuno. Koma pa pangano latsopano ndalembetsa ndi cholembera kuti palibe yankho lotuluka m'dzina langa ndisanaliwerenge, ngakhale pakati pa usiku, ndipo mnyamata uja asakhudzenso tsamba langa. Inunso mukamalembetsa, mawu amenewo alowe papepala musanatumize ndalama.