Kulumikiza milandu: i2, Neo4j kapena Quantexa?

Anzanga a m'maofesi a compliance (oonetsetsa kuti malamulo a zachuma akutsatidwa), akumabanki ndi akumabungwe obwereketsa ndalama, akhala akundifunsa funso limodzi lomwelo: tigule pulogalamu iti yoti izitiuza kuti mlandu wa lero ukukhudzana ndi wa chaka chatha? Za ma dashboard ndi malipoti okongola sindinenapo, wogulitsa aliyense akuonetsani yekha. Ine ndimafunsa chinthu chimodzi basi. Pulogalamuyo imadziwa bwanji kuti mayina awiri ndi a munthu mmodzi?

Funsoli lili ndi chifukwa chake. Kuntchito kwathu anatigulitsa pulogalamu ina yoyendetsera milandu, dzina lake ndilisunga. Pochionetsa, chinthucho chinkagwira ntchito bwino kwabasi: ukatsegula mlandu, pambali pankatuluka milandu ina yokhudzana nawo. Titaikamo makasitomala athu enieni m'pamene tinaona kuti chimalumikiza potengera dzina ndi tsiku lobadwa lokha. Tangoganizani kuchuluka kwa a Banda, a Phiri ndi a Mwale m'dziko muno, kenako muonjezere anthu achikulire ambiri omwe mafomu awo analembedwa kuti anabadwa pa 1 January chifukwa tsiku lenileni silinkadziwika. Mayi wogulitsa zitenje ku Limbe ankapezeka atalumikizidwa ndi mlandu wa munthu wa ku Karonga yemwe sanamuonepo. Pomwe munthu yemwe timamufunadi, wolemba dzina lake Chimwemwe pa akaunti ina ndi Chimwemwie pa inzake, ankadutsa osagwidwa.

Chomwe chinandiwawa kwambiri chinabwera titadandaula. Anatiuza kuti kulumikiza pogwiritsa ntchito nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya foni kapena adiresi n'kotheka, koma ndi gawo lapadera, lolipira padera chaka chilichonse, m'madola. Pamgwirizano zinalembedwamo ndithu, m'timalemba ting'onoting'ono takumapeto, koma pokambirana mtengo palibe anazitchula. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bilu yomweyo inakwera osasintha kalikonse pa zomwe tikulandira. Ndipo chiphaso cha NRB, chomwe anthu analembetsa mwaunyinji mu 2017, ndicho chinthu chodalirika kwambiri chomwe tili nacho posiyanitsa anthu. Kutigulitsa pulogalamu yofufuzira yosawerenga nambala imeneyi kuli ngati kugulitsa galimoto, matayala n'kumati mulipire padera. China, milandu iwiri ukaiphatikiza molakwa, kuilekanitsa kunkafuna kulembera kampaniyo. Wofufuza ayenera kutha kumasula yekha zomwe walumikiza, ndipo pulogalamu isunge kuti anachita ndani, liti, pa chifukwa chanji. Oyendera ochokera ku Reserve Bank akabwera, mbiri imeneyi ndi yomwe imakuyankhira.

Tsono zitatu zomwe ndingazitchule mayina.

i2 Analyst's Notebook ndimaikonda, ndipo sindibisa. Inayambira ku Cambridge, IBM inaigula mu 2011, kenako inapita m'manja mwa kampani ya Harris mu 2022. Apolisi ndi ofufuza m'mayiko ambiri aigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Umalowetsa ma statement kuchokera mu Excel, iyo n'kujambula anthu, ma akaunti ndi manambala a foni, ndi mizere yoonetsa komwe ndalama zadutsa. Ubwino wake ngwakuti mzere uliwonse ndiwe wavomereza kuti ukhalepo, ndiye ukafunsidwa umatha kuufotokoza. Chojambulacho bwana amachimva, loya amachimvanso. Vuto lake, payokha siyendetsa milandu, ndipo sikukumbutsa kuti nambala iyi unaionanso kale pokhapokha ukhale ndi nkhokwe ya deta ngati iBase kumbuyo kwake. Imeneyonso ndi layisensi ina, funsani mtengo wake musanasaine.

Neo4j ndi nkhokwe yosunga zinthu monga maukonde, ndipo ili ndi Community Edition yaulere. Atolankhani a ICIJ, bungwe la atolankhani ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana, anaigwiritsa ntchito pamodzi ndi pulogalamu yojambula maukondewo ya Linkurious ya ku Paris pofufuza Panama Papers mu 2016, zikalata 11.5 miliyoni, ndipo anatha kuona makampani obisika omwe ankagawana madayirekita ndi ma adiresi. Ndi mtundu womwewo wa funso lomwe Cashgate ya 2013 inatiphunzitsa kufunsa: makampani osiyana mayina awa, mwini wake si mmodzi kodi? Apa malamulo olumikizira umalemba wekha. Utha kunena kuti chiphaso chikafanana ndi munthu mmodzi, foni ikafanana pulogalamuyo ingokuchenjeza, dzina lokha lisawerengedwe. Izi n'zofunika kuno chifukwa foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, ndipo nambala ya ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba imakhudza anthu ambirimbiri osadziwana. Koma pamafunika munthu wodziwa Cypher, chilankhulo cha pakompyuta chofunsira zinthu mu Neo4j, ndipo akakusiyani ntchito mwatsala ndi chinthu chomwe palibe angachitsegule. Linkurious, yomwe imapangitsa kuti wofufuza wamba aziona bwino, ndi yolipira.

Quantexa ya ku London, yomwe inayamba mu 2016, ndiyo yakhwima pa nkhani yozindikira kuti zolembedwa zosiyana ndi za munthu mmodzi, ndipo banki yaikulu yapadziko lonse ya HSBC imaigwiritsa ntchito. Inapangidwira mabanki a msinkhu umenewo, okhala ndi gulu lonse la akatswiri a deta.

Chinthu chimodzi chomwe muyenera kuyesa pa zonsezi ndi chinsinsi. Mlandu womwe wapita ku FIA (Financial Intelligence Authority, bungwe la boma lolandira malipoti a zachuma) ngati STR, lipoti la kayendedwe ka ndalama kokayikitsa, suyenera kuonekera kwa wogwira ntchito kunthambi chifukwa choti walumikizidwa ndi dandaulo wamba la kasitomala. Financial Crimes Act ya 2017 imaletsa kutsina khutu munthu yemwe wanenezedwa, ndipo mzere umodzi woonekera pakompyuta yolakwika ndi wokwanira kuulula.

Kwa banki yapakati kapena bungwe lobwereketsa ndalama, ine ndingatenge i2 ndi iBase. Neo4j ndingaivomere ngati muli ndi anthu awiri odziwa kuiyendetsa, osati mmodzi. Ndipo wogulitsa aliyense asakuonetseni ndi mayina ake okonzeratu. Muyeseni ndi deta yanu, m'chipinda chanu, muikemo a Banda ambiri ndi nambala ya ejenti mmodzi, ndipo mtengo wa gawo lililonse lolumikizira aulembe papepala musanalipire.