Nikon P950 kapena Canon R50? Zomwe zaoneka patatha miyezi isanu ndi inayi ku Mzuzu

Makamera awiriwa anayamba ntchito limodzi mu Febuluwale, mvula ili pachimake, ndipo pofika Okutobala adutsa m'matope, m'chifunga ndi chisanu cha Juni ndi Julaye, kenako m'fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire. Imodzi ndi Nikon Coolpix P950, ya mtundu wa bridge, yomwe lenzi yake ndi yomangiriratu, sichoka. Inayo ndi Canon EOS R50, ya mirrorless (mtundu wotheka kusintha malenzi), yomwe yakhala ikugwira ntchito ndi malenzi atatu: RF-S 18-45mm yobwera nayo, RF 50mm f/1.8, ndi RF 100-400mm. M'masabata oyambirira P950 ndiyo inkakopa aliyense, chifukwa zumu ya 83x imakoka mwezi mpaka kudzaza mbali yaikulu ya chithunzi. Chidwi chimenecho chinazirala itadutsa miyezi iwiri, ndipo kusiyana kwenikweni kunayamba kuoneka pa kuwala ndi pa mpweya umene uli pakati pa wojambula ndi chimene akujambula.

Tiyambe ndi sikelo, pakuti ambiri amaganiza kuti bridge ndiyo yopepuka. P950 imalemera magalamu 1,005. R50 payokha ndi magalamu 375, mukaiveka RF 100-400mm ya magalamu 635 imafika 1,010. Pakhosi n'chimodzimodzi. Phindu la P950 ndi lakuti mu kilogalamu imodziyo muli zonse, kuyambira 24mm mpaka 2000mm, pomwe R50 imafuna chikwama cha malenzi enawo.

Kusiyana kwakukulu kuli m'kati. Sensa (kachipangizo kolandira kuwala n'kupanga chithunzi) ya P950 ndi ya 1/2.3, pafupifupi mamilimita 6.2 m'litali ndi 4.6 m'lifupi, kachinthu kochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Ya R50 ndi ya APS-C, mamilimita 22.3 ndi 14.9, malo ake okulirapo pafupifupi kakhumi ndi kawiri. Ndipo 2000mm yolembedwa pabokosi la P950 si kutalika kwenikweni kwa lenziyo. Lenziyo imathera pa 357mm. Kuchepa kwa sensa ndiko kumachititsa kuti chithunzi chioneke ngati cha 2000mm. Pa R50, 400mm imaoneka ngati 640mm.

Apa ndi pamene anthu amatsutsana popanda kuwerengetsa, choncho tiwerengetse. Chithunzi cha R50 chili ndi madontho 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Mukachidula pakompyuta kuti litali ndi lifupi zitsale theka, mumafika pa 1280mm ndipo mumatsala ndi ma megapixel 6 (madontho 6 miliyoni), okwanira bwinobwino pa Facebook ngakhale kusindikiza pepala la A4. Koma kuti mufike 2000mm mumatsala ndi ma megapixel awiri ndi theka okha, pomwe P950 ikupatsani 16. Ndiye nkhwazi itatera pamwamba pa mtengo m'mbali mwa nyanja ku Chintheche, dzuwa lili ngwee, iyo ili phee, P950 imapambana, ndipo nthenga za pachifuwa zimawerengeka. Chimodzimodzi mvuu zogona tsidya lina la nyanja ya Kazuni ku Vwaza m'mawa, kapena mbidzi ndi ntchefu zili patali pa zitunda za Nyika pomwe galimoto singayandikire. Pa zoterezi chigamulo cha mu Febuluwale sichinasinthe.

Vuto ndi lakuti masiku otere ku Mzuzu ndi owerengeka. Pa 2000mm lenzi ya P950 imatseguka mpaka f/6.5 basi (nambala ya f ikakula, kuwala kolowa kumachepa). Dzuwa likawala bwino, pa ISO 100 (ISO ndi muyeso wa momwe sensa imamvera kuwala) mumapeza liwiro la shata la pafupifupi 1/600, lokwanira mbalame yokhala. Kukachita mitambo yakuda ija ya Malichi ndi Epulo, kuwala kumatsika kasanu ndi katatu, ndipo kuti mupeze liwiro lomwelo muyenera kukweza ISO mpaka 800. Pa sensa yaing'onoyi, ISO 800 ndi pamene chithunzi chimayamba kufwifwa: kamera imayesa kufufuta timadontho tonga mchenga, n'kufufutira limodzi nthenga ndi ubweya, nyama n'kuoneka ngati yopakidwa penti. M'nkhalango ya Lunyangwa, pansi pa mitengo, zinthu zimaipiratu. R50 pa ISO 3200 imatulutsa chithunzi choyera kuposa P950 pa 800, ngakhale lenzi yake yaitaliyo ndi ya f/8 pa 400mm.

Kuti P950 ichite bwino momwe ingathere, izi ndi zomwe zakhazikika patatha miyezi yoyesa. Zimitsani digital zoom, ilibe phindu. Ikani ISO pa Fixed range auto ya 100 mpaka 400, muzikweza mpaka 800 pokhapokha zitavuta. Jambulani RAW, kutanthauza chithunzi chosakonzedwa ndi kamera; P900 yakale inalibe mwayi umenewu, P950 ili nawo, ndipo timadontho timachotseka bwino pakompyuta kusiyana ndi m'kamera. Fokasi ikhale pa kadontho kamodzi kapakati, apo ayi imagwira nthambi n'kusiya mbalame. Mbalame ikasowa m'chithunzi, dinani kabatani ka snap-back kali pambali pa lenzi, zumu imabwerera, mukaipeza n'kusiya kabataniko. Kumbukiraninso kuti pa 2000mm kamerayi sigwira chinthu choyandikira kuposa mamita asanu. Kambalame kakatera pa mpanda wa maluwa mamita atatu kuchokera pakhonde, fokasi imangopita ndi kubwera osagwira kanthu mpaka mutachepetsa zumu. RF 100-400mm imagwira kuchokera pafupifupi mita imodzi, n'chifukwa chake inajambula bwino agulugufe ndi maluwa a ku Nyika nthawi ya dzinja.

Chinanso chomwe palibe wogulitsa amatchula ndi mpweya. Kuyambira Sepitembala, dzuwa likangokwera, nthaka imatulutsa kutentha ndipo mpweya umachita ngati ukuvina. Ndi maso simuona kwenikweni, koma pa 2000mm njovu ili mamita mazana angapo imatuluka yopindikapindika ngati mukuiona pansi pa madzi. Onjezerani utsi wa moto ndi fumbi, mtundu wonse umasanduka wotuwa. Si vuto la kamera, ndipo ngakhale lenzi yodula bwanji singathane nalo. Njira ndi kujambula nthawi isanakwane 8 koloko m'mawa, kapena kuyandikira. Pa miyezi yonseyi, zithunzi zambiri za P950 zoyenera kusunga zachokera pakati pa 800mm ndi 1400mm, ndipo mtunda umenewo chithunzi cha R50 chodulidwa chimatsala pang'ono kuufika wonse. Kugwedezeka nako kumakula limodzi ndi zumu. VR ya Nikon, yochepetsa kugwedezeka, imathandiza, koma m'galimoto zimitsani injini, ikani kathumba ka nsalu kodzaza nyemba kapena mpunga wokwana makilogalamu awiri pawindo, lenzi igone pamenepo.

Chinthu chikayamba kuyenda, mpikisano umatha. Fokasi ya P950 imafufuza poyerekeza kuwala ndi mdima, choncho imapitirira kaye n'kubwerera isanagwire. Zumu yake imayenda ndi mota, ndipo kuchoka pa 24mm kufika kumapeto kumatenga masekondi angapo. Imajambula zithunzi 7 pa sekondi, koma zikakwana khumi imaima kaye kulemba pakhadi. Pa mpira ku Mzuzu Stadium, pomwe kamera ikumaliza zonsezi chigoli chalowa kale, anthu akuvina. R50 imazindikira diso la munthu kapena la nyama n'kulitsatira, imafika zithunzi 12 pa sekondi, 15 ndi shata yamagetsi yokha, ndipo zumu mumapotoza ndi dzanja. Nayo ili ndi chilema chake: pa RAW imadzaza msanga n'kuyamba kuchedwa, choncho pa masewero gwiritsani C-RAW (RAW yopanikizidwa) kapena JPEG ndi khadi yothamanga ya V30. Shata yamagetsi yokhayo imapinda mizati ya golo mukamatsatira wosewera mothamanga. Zikatero bwererani ku shata inayo, ya electronic 1st-curtain.

Kwa amene akufuna kamera yopezera ndalama, pa zinkhoswe, maukwati, kwaya m'tchalitchi kapena tsiku lomaliza maphunziro ku Mzuni, nkhani ndi yaifupi: R50 ndi 50mm f/1.8. M'holo yowala pang'ono, f/2 pa 1/200 ndi ISO 3200 imatulutsa nkhope yoyera, kumbuyo kutasungunuka, zomwe akwati amafuna. P950 ili ndi f/2.8 pa 24mm pokha. Mukangokoka zumu kuti mufike kuguwa, lenzi imatsekeka ndipo zithunzi sizisiyana kwenikweni ndi za foni yabwino. Chenjezo limodzi pa R50: pokhazika fulashi pamwamba palibe kachitsulo kapakati kaja, motero mafulashi ambiri akale sayaka popanda adaputala ya AD-E1. Ambiri amazindikira izi ali kale pa ukwati. Ili ndi malo a khadi imodzi yokha, ndiye koperani zithunzi tsiku lomwelo.

Tsopano fumbi. Pa mirrorless, mukachotsa lenzi sensa imakhala pamtetete. Madontho oyamba pa R50 anaoneka mu Ogasiti, pambuyo posintha malenzi pa msewu wafumbi wopitirira Rumphi. Kuti mudziwe ngati alipo, ikani f/22, jambulani thambo kapena khoma loyera, kulitsani chithunzicho. Pochotsa, zimitsani kamera, iyang'anitseni pansi, pemererani ndi kampira kopemerera mpweya kanayi kapena kasanu osakhudza sensa. Osauzira ndi pakamwa, malovu amasiya banga loposa fumbilo. Akakanirira, pamafunika swab (kamtengo kopukutira sensa) ya APS-C ndi kadontho kamodzi kapena kawiri ka madzi ake opukutira, kukoka kamodzi kupita, kamodzi kubwerera ndi mbali inayo, n'kutaya. Posintha lenzi, lowani m'galimoto mutatseka mawindo, lenzi inayo ikhale yokonzeka kale. P950 ilibe chintchito chimenechi, komano lenzi yake ikamatuluka ndi kulowa imakoka mpweya ngati pampu, ndipo fumbi likalowa palibe chochitira kunyumba, mpaka kamera itaphwasulidwa.

Mdani woopsa kuno ndi chinyontho. Makamera onsewa alibe zotchinga madzi, ndipo mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, kenako kumabwera mawawa ndi chifunga cha m'mawa. Kamera yosungidwa m'chikwama chake, m'kabati ya zovala, imachita chuku m'kati mwa magalasi, timizere toyera tonga ukonde wa kangaude, ndipo chuku chikakhalitsa chimadya utoto wapagalasi osabwereranso. Apa bridge ndiyo ili pangozi yaikulu, chifukwa lenzi ikaonongeka kamera yonse yapita. Chomwe chateteza onse awiri mpaka pano ndi chotchipa: bokosi lapulasitiki lotseka bwino lija losungira zakudya, silica gel (timibulu toyamwa chinyontho) yosintha mtundu yokwana magalamu 200, ndi kachipangizo koyezera chinyontho. Muyeso uzikhala pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Silica ikasintha mtundu, iumitseni mu uvuni pa madigiri pafupifupi 110 kwa ola limodzi kapena awiri. Nthawi ya mvula zimenezi zimafunika pafupipafupi. Kuyambira Ogasiti mutha kuiwalako. Ku Chelinda pa Nyika, komwe m'mawa wa Julaye kumagwa chisanu chenicheni, musalowe ndi kamera yozizira m'chipinda choyaka moto ili pamtunda, magalasi amachita thukuta m'kati. Isiyeni m'chikwama chotseka kwa theka la ola kapena kuposerapo.

Mabatire a onse awiri ndi ang'onoang'ono. EN-EL20a ya P950 inayesedwa pa zithunzi pafupifupi 290, koma kuseweretsa zumu kumalidya msanga. LP-E17 ya R50 nayo sifika madzulo pa ukwati ngati mukuyang'anira m'kagalasi ka diso. Awiri apadera ndi ofunika, ndipo kukazizira asungeni m'thumba la m'kati mwa jekete. Magetsi akathima, P950 imatchajika ndi waya wa micro-USB, pomwe R50 imafuna power bank ya USB-C yokhala ndi PD (Power Delivery, yotchaja mwamphamvu), wamba siitchaja. Mabatire osakhala a Canon ambiri saonetsa mphamvu yotsala, kamera imangothima mwadzidzidzi, choncho musawadalire pa nthawi ya malumbiro. Kabwino kamodzi: P950 ndi RF 100-400mm onse amavala fyuluta ya 67mm.

Nanga agule iti? Amene cholinga chake ndi mbalame ndi nyama masana, Loweruka ku Vwaza kapena ku Nkhata Bay, wosafuna kusintha malenzi kapena kuonjezera ndalama chaka chamawa, P950 imukwanira, malinga avomereze kuti tsiku la mitambo abwerako ndi zochepa. Amene amajambula anthu, masewero, kapena m'nyumba, atenge mirrorless, koma awerengere mtengo wa malenzi asanagule, chifukwa 18-45mm yobwera nayo ija singafike ngakhale pakati pa bwalo la mpira. Pakati pa ziwirizi pali Sony RX10 IV, ya sensa ya inchi imodzi ndi 24-600mm f/2.4-4, komanso Panasonic FZ300 ya 25-600mm f/2.8 monse. Sony ndi Panasonic zimenezi zili ndi zotchinga fumbi ndi chinyontho, zomwe kuno si nkhani yaing'ono, ngakhale sensa ya FZ300 ndi yaing'ono ngati ya P950.

Poti makamera ambiri amafika kuno atagwirako kale ntchito, musapereke ndalama musanayese. Walitsani tochi ya foni m'lenzi kuchokera kutsogolo, muyang'ane chammbali ngati muli timizere ta chuku. Pa bridge, kokani zumu mpaka kumapeto n'kubweza katatu mukumvetsera. Ikamalira ngati mukuphwanyika mchenga kapena kuima panjira, isiyeni. Pa mirrorless, jambulani khoma loyera pa f/22, yang'anani timapini tagolide tolumikiza lenzi ngati tachita dzimbiri, ndipo bwerani ndi khadi yanuyanu kuti zithunzi zoyeserazo mukazione pakompyuta.