Mapuleti a dijito pa makatoni a uchi: nyenyezi 4 pa 5, koma funsani za flat top kaye

Anzanga opakira katundu kuno ku Mzuzu akhala akundifunsa ngati mapuleti a dijito osindikizira makatoni alidi bwino kapena ndi zokometsera malonda chabe, nde ndati ndilembe pano kamodzi. Ine ndimapakira uchi ku Luwinga, timagula kwa alimi a njuchi a ku Nkhata Bay ndi Rumphi, makatoni timaodetsa ku fakitale ina ku Blantyre. Mitundu yonse ya mapuleti ndailipirapo ndi ndalama zanga.

Kwa amene simunaionepo, puleti yake si yachitsulo ayi, ndi chidindo chachikulu chofewa cha photopolymer, pulasitiki yomwe imalimba ikawalitsidwa, malemba amatumphuka pamwamba, amachimata pa silinda, chimatenga inki pa rola yopereka inki yomwe amati anilox nkumadinda pa bolodi ya katoni. Kala iliyonse imafuna puleti yakeyake ndipo wolipira ndi iwe kasitomala.

Mapuleti akale amawapanga ndi filimu. Amayala negetivu pa puleti, kuphimba ndi pulasitiki, kukoka mpweya wonse kenako kuwalitsa ndi magetsi a UV, pomwe kuwala kwadutsa pamalimba, potsalapo amatsuka. Athu anali okhuthala a 6.35mm ndipo pa katoni ya bulauni ya kala imodzi, dzina, nambala ya foni ndi mivi yoloza kumwamba, anatigwirira ntchito bwinobwino sindinganame. Chomwe chinkandiwawa ndi fumbi. Kanakodwa pakati pa filimu ndi puleti, basi chilembo U cha mawu oti UCHI chinatuluka ndi kadontho kopanda inki kumanzere kwake, kakang'ono ndithu koma katoni iliyonse ya oda yonse inali nako pamalo omwewo, ukawasanja mu sitolo maso amangothamangira pamenepo.

Tinasintha titayamba kutumiza uchi ku mashopu akuluakulu a ku Lilongwe, tinkafuna chithunzi cha chisa cha njuchi ndi barcode pa katoni yoyera pamwamba. Puleti ya dijito imabwera ndi kachikopa kakuda pamwamba, leza imawaula dizaini pamenepo kuchokera pa kompyuta, filimu palibe. Si zachilendo kwenikweni, zinaonetsedwa koyamba mu 1995 ku chionetsero cha drupa ku Düsseldorf. Malemba ang'onoang'ono anatuluka akuthwa zedi, zilembo zoyera za mkati mwa chikasu zomwe kale zinkatsekeka ndi inki zinawerengeka zonse, makala atatu anakumana bwino osasemphana mmphepete. Apa ndinasangalala kwambiri.

Koma chithunzi cha chisa chija abale, chinatuluka ndi mizeremizere yakuda ndi yowala motsatizana, ukaika chala nkutsata mzere wakuda umamva kuti pansi pake pali msana wa pepala lopindikapindika lija la mkati mwa katoni, lokhala ngati malata, lomwe a ku fakitale amati flute. Zinandikhudza chifukwa chithunzicho ndi chomwe tinasinthira mapuleti. Bambo wina woyendetsa makina kumeneko, munthu wofatsa wodziwa ntchito yake, anandifotokozera pa foni ndipo ndimawathokozabe. Anati achimwene vuto si inki, pa puleti ya dijito wamba sipakhala filimu yophimba nde pa nthawi yowalitsa UV mpweya umakhudza puleti, oxygen imalepheretsa mmphepete mwa timadontho tomwe timapanga chithunzi kulimba, timatuluka tochepa ndi mitu yosongoka. Kadontho kotero kakagwera pa msana wa flute pomwe pali polimba kamaphwatalala nkudinda kwambiri, kakagwera pakati pomwe bolodi imalowa mkati kamangokhudza pang'ono, mizere ija ndi imeneyo. Puleti ya filimu timadontho take timakhala ndi mitu yafulati chifukwa mpweya unakokedwa, nde pa nkhani ya flute yokhayi yakale ija imaiposa dijito wamba. Ambiri sadziwa zimenezi, amangomva kuti dijito basi nkuganiza kuti zonse zatheka.

Ndipo musalole kuti angothinitsa makina kuti inki ifike paliponse. Kuthinitsa kumaphwanya flute, katoni imaoneka bwino kunja koma mphamvu yapita. Uchi ndi wolemera, ndipo inu a kuno mukudziwa chinyezi cha Mzuzu nthawi ya mvula, bolodi imafewa yokha ili mu sitolo, ukasanjikiza makatoni ophwanyika kale apansiwo amayamba kukhala pansi mmakona.

Chomwe chinatithandiza ndi mapuleti a dijito omwewo koma a flat top dot, kutanthauza a timadontho ta mitu yafulati. Njira zake zilipo zingapo, Kodak inabweretsa Flexcel NX mu 2008 yomwe amamata kachikopa kojambulidwa kale pa puleti kuti mpweya usalowe, ena amawalitsa mkati mwa nitrogen, ena ndi magetsi amphamvu a LED, ndipo pano kuli mapuleti ena oti mitu yafulati imatuluka yokha chifukwa cha mmene anawapangira. Titapangitsanso puleti ya chithunzi yokhayo mizere inachepa kwambiri. Flute ilipo ya masaizi osiyanasiyana omwe amawatchula ndi zilembo. Pa C flute ukapendeketsa katoni padzuwa umaionabe pang'ono, pa B flute yomwe misana yake ndi yoyandikana ine sindiionanso. Barcode ya pa makatoni, ya mtundu wa ITF-14, yokhala ndi mpanda wakuda kuzungulira ikuwerengeka pa sikana kamodzinkamodzi, sitinalandirepo foni yodandaula.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha mtengo. Zipangizo zake ndi zochokera kunja, nde kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023 koteshoni ya mapuleti imakupangitsa kukhala kaye pansi, ndipo a flat top ndi okwererapo kuposa enawo. Nthawi zina umauzidwa kuti dikirani katundu sanafike nkhani ya forex. Komanso musayembekeze kuti dijito ndiye kuti mawa lomwe, puleti yokhuthala ikatsukidwa ndi mankhwala a solvent imafuna maola kuti iume, kaya ya filimu kaya ya leza.

Pomwe ndalama imabwerera ndi pa zosintha. Titasintha nambala ya foni ndinangotumiza PDF pa WhatsApp, kuvomereza pulufu, basi puleti yatsopano inatuluka yofanana ndendende ndi yoyamba kupatula nambalayo chifukwa fayilo ndi yomweyo. Filimu imakalika, imapindika, ina imasowa mmadirowa, ndipo ife tili kutali ndi Blantyre sitingamakwere basi kukayang'ana negetivu.

Nde amene mukupakira mpunga wa Kilombero, sopo kapena zakumwa mu katoni ya bulauni ya kala imodzi, mapuleti a filimu akukwanirani, ndalamayo gulirani bolodi yolimba. Amene mukufuna chithunzi, makala osuluka pang'onopang'ono kapena malemba ang'ono pa katoni yoyera, pitani ku dijito koma pa koteshoni palembedwe kuti flat top, afunseni flute yomwe agwiritse ntchito, ndipo sampulo akudindireni pa bolodi yeniyeniyo osati pa pepala losalala, pa pepala mizere ija siioneka. Ine oda ikubwerayi ndikufuna ndiyese E flute, ya misana ing'onoing'ono kuposa B, pa timakatoni ta mabotolo ang'onoang'ono a 250g, zikatuluka ndidzawonjezera pansipa.