Ngongole yokonzera nyumba ya lendi, ndemanga yanga

Kwa amene mwapeza nyumba yoyamba yoti muikemo matenanti koma ndalama zokonzera zikuperewera, ngongole iyi ndaigwiritsapo ntchito ndipo ndiipatsa nyenyezi zitatu basi. Ubwino wake obwereketsawo sakupatsani cash yonse m'manja, amafuna kotesheni kaye kenako amalipira okha kwa ogulitsa malata ndi simenti pang'onopang'ono ntchito ikamayenda, ndiye ndalama sizithera zina ayi. Munthu wawo anabwera kudzaona nyumba, analoza banga la madzi pa siling'i nkuti yambani denga, mawaya a magetsi ndi mapaipi, penti pomaliza. Apo anandithandiza zedi.

Koma chiwongoladzanja chake eee! Amawerengera pa ndalama yonse imene munatenga mpaka kumapeto osati pa yotsala, ndiye olo mubweze theka mumalipirabe ngati simunabwezeko, kuphatikiza processing fee (ndalama yolipirira ntchito yokonza mapepala a ngongole) imene amadula musanalandire nkomwe. Kubweza kumayambanso mwezi wotsatira nyumba ikadali yopanda munthu, lendi isanayambe kulowa. Musanasaine funsani ngati angakudikireni miyezi ingapo, ine anandikanira. Chikole amafuna mapepala a nyumba yomweyo.