Bokosi la zida zokonzera mfuti za mpweya: oyilo wake ndiye wawononga ntchito

Ndi bokosi la zida lochokera ku Chipata, limene ndinagula pa K85,000 pahadiweya ina pa Mchinji boma. Madala ambiri opuma pantchito amene akufuna luso lokonza mfuti akuyambira pa mfuti za mpweya, ndiye bokosili likuyenda malonda. Musanapereke penshoni yanu, dziwani za kabotolo kamene kali mkatimo.

Mnyamata wa pakauntala anati, "Madala, dontezani madontho khumi pakabowo kotulukira mpweya, mfuti ikhala ngati yatsopano." Pakabotolopo sanalembepo kanthu, koma ndi oyilo wamba wa makina. Oyilo wotere safunika kufika kutsogolo kwa pisitoni. Sipuling'i ikakankha pisitoni, mpweya umapanikizika n'kutentha mwadzidzidzi, ndipo oyiloyo amayaka monga dizilo ayakira mu injini. Ine ndinatsatira malangizo a mnyamatayo. Kuwomba koyamba, mfuti ya B2 ya 4.5mm inalira ngati yamachaka, utsi uli tolotolo kumpope, fungo la chopserera nyumba yonse. Kachitatu peleti, kachipolopolo kake kaja, inangogwera pamtunda wa mamita asanu. Kutsegula, labala ya pisitoni yapserera m'mphepete, sipuling'i yatsopano yaduka pawiri, chifukwa kuphulikako kumabwezera pisitoni m'mbuyo mwamphamvu. Nditabwerera nazo zidazo kushopu, eni shopu sanazigwire n'komwe. Anangoloza chikwangwani chakuti katundu wotuluka sabwezedwa, mnyamata uja n'kumakana kuti sananenepo zimenezo. Mfutiyo sinali yanga, inali ya munthu wina. Kugulitsa chinthu osachidziwa n'kulakwa kale, koma kukanira mkulu m'maso n'kumene kwandipweteka.

Koma chilungamo n'chakuti zitsulo zake n'zabwino. Masikuludiraiva ake ali ndi nsonga yokhuthala mofanana mpaka kumapeto, imakhala thithithi mumpata wa sikulu, siterereka n'kukanda mfuti ngati aja a akalipentala. Timapanchi tochotsera mapini sitinapindike. Malabala a pisitoni a m'bokosimo akukwana bwino, bola muyambe mwasalaza ndi sandipepa ya 400 m'mphepete mwa mpata umene mumadutsa chokokera pisitoni, apo ayi mpatawo umacheka labala polowa ndipo mpweya umathawa.

Chopanikizira sipuling'i m'bokosimo mulibe, ndipo a pashopu sananene. Sipuling'i imakhala yopanikizika ngakhale mfuti isanakokedwe. Mukachotsa pini yakumbuyo ndi manja okha, chitsulo chimafwamphuka ndipo chikhoza kukuchotsani dzino kapena diso. Pezani kilampu yaitali ya akalipentala, mumange mfutiyo pathabwa, muzimasula pang'onopang'ono.

M'malo mwa oyilo uja gulani girizi wa moly, mupake pang'ono m'mbali mwa pisitoni ndi pasipuling'i, osati kumaso kwa labala. Pakabowo kotulukira mpweya kaja, dontho limodzi kapena awiri a oyilo wa silikoni akwanira. Mukamanga, ikani kapepala kopyapyala pamwamba polumikizira mpope: kakauluka powomba, labala yaing'ono ya pamenepo yatha. Musayese mfuti yopanda peleti, pisitoni imagunda chitsulo. Kandodo kotsukira mpope ka m'bokosimo n'kachitsulo, kalowetseni kuchokera kumbuyo kwa mpope, chifukwa mukakanda kukamwa kwake peleti imayamba kusokera.

Bokosilo gulani, koma kabotoloko kasiyeni pakauntala pomwepo, ndipo muumirire lisiti.