Kuwalitsa elekitirodi kapena kungolumikiza sola: njira iti yosandutsira CO2?

Ophunzira kemisitiri kuno ku Zomba akamakambirana zosandutsa mpweya wa CO2 kukhala mafuta kapena mankhwala pogwiritsa ntchito magetsi, sachedwa kusiyana maganizo pa funso lakuti kuwala kwa dzuwa kuzigwera pati.

Njira yoyamba imagawa ntchito pawiri. Sola imapanga magetsi padenga, elekitirodi, chitsulo cholowetsa magetsi m'madzi okhala ndi CO2, imakhala mumdima m'chipangizo chake, ndipo chitsulo chimene mwasankha ndicho chimalamula zotuluka. Wofufuza wa ku Japan Yoshio Hori anasonyeza mu 1985 kuti golide ndi siliva amapereka carbon monoxide, pomwe kopa amafika mpaka pa methane, ndipo mu 1986 anapezanso ethylene pa kopa. Mu 2017 gulu la Michael Grätzel ku Lausanne linasandutsa 13.4 peresenti ya mphamvu ya dzuwa kukhala carbon monoxide mwa njira imeneyi.

Yachiwiri ndi ya elekitirodi imene imamwa kuwala yokha, monga wofufuza Halmann anachitira ndi gallium phosphide mu 1978. Imakopa anthu chifukwa kuwalako kumachepetsa voteji yofunika, koma nthawi zambiri chipangizo chomwa kuwala sichigwirizana ndi madzi. Cuprous oxide ndi yotsika mtengo, yofiira ngati njerwa yowotcha, komabe ikawalitsidwa m'madzi popanda chophimba imada m'mphindi zochepa, popeza maelekitironi amene anayenera kupita ku CO2 amayamba kuisandutsa kopa. Titanium dioxide ndi yolimba, vuto lake n'lakuti imafuna kuwala kwamphamvu, kwa 3.2 eV (muyezo wa mphamvu ya kuwala), ndiye imangodya kuwala kwa ultraviolet, kumene n'kochepa padzuwa.

Yachitatu, ya plasmon (kugwedezeka pamodzi kwa maelekitironi a m'chitsulo kuwala kukawagunda), ndi imene imandichititsa chidwi. Siliva wokhala ndi timatuza tating'onoting'ono akawalitsidwa amasintha zotuluka, ndipo ku Berkeley mu 2019 ofufuza anaona hydrogen yosafunika yochokera m'madzi ikuchepa, methanol n'kuyamba kupezeka. Chenjezo ndi lakuti kuwala kumabwera ndi kutentha, ndipo amene angayese zimenezi m'chipinda chotentha mu Okutobala osayeza kutentha kwa madziwo akhoza kuyamikira plasmon pa zimene zachitika chifukwa cha kufunda chabe.

Kwa ofuna zotuluka zochuluka, ine ndingasankhe yoyamba. Sola ikawonongeka mumasintha sola yokha, ndipo chiperoni chikakuta phiri mu Juni batire yosunga magetsi a sola imapitiriza ntchito, pomwe elekitirodi yodalira kuwala imangokhala chete. Ya plasmon ndingaisiyire wofufuza amene akufuna kudziwa chifukwa chimene siliva amasinthira khalidwe akawalitsidwa.